Makina akale otchetchera kapinga si zinyalala, koma dziwani pogwira musanalipire

 

Sabata yatha achimwene ena amene amagwira ntchito ya m'garden ku Joni anafunsa muno. Akuti bwana wawo akufuna kutaya makina otchetchera kapinga, aja timati lawn mower, osati mowa wa ku bawo ayi. Makinawo ndi a petulo ndipo anasiya kulira chaka chatha. Funso lawo linali loti awatenge apite nawo kumudzi kapena awasiye. Ndinawerenga mayankho onse, ndipo ambiri munati "asiyeni, ndi zinyalala, mungolipirira chitsulo malo m'galimoto." Ine ndabwera kudzatsutsa mwaulemu. Makina a petulo akale ambiri amene amatayidwa ku Joni sanafe. Angodwala, ndipo matenda ake ndi otchipa. Komabe alipo ena amene anafadi, ndipo ukanyamula amenewo walira. Nkhani yonse ili pa kudziwa kusiyanitsa, ndi kukonza usanagulitse.

Ndiyambe ndi manyazi anga, musaganize kuti ndinabadwa ndikudziwa. Ndayenda njira ya Joni zaka zoposa 15. Ndinayamba ndi mabulangete ndi nsapato ngati ambiri a inu. Ulendo wina ndinapeza makina atatu pa malo ena ogulitsira katundu wakale. Ndinasankha ndi maso. Amene anali owala penti ndinawakonda kwambiri, ndipo ndinalipira ndalama zambiri pa amenewo kuposa awiri enawo. Nditafika ku Blantyre ndinapita nawo onse kwa mdala wina amene amakonza majenereta ndi mapampu a madzi. Mdalayo anachotsa pulagi, napendeketsa makina owala aja, nazungulitsa mpeni ndi dzanja kamodzi kokha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, awa aponyeni kuseri, tizichotsako masipeya." Chitsulo chapakati chozungulitsa mpeni, crankshaft, chinali chopindika. Awiri a dzimbiri aja, amene ndinkachita nawo manyazi pa boda, analira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira pamenepo ndinakhala pansi pa mdala uja masiku angapo, ndipo zimene ndikulemba pano zambiri ndinaziphunzira m'manja mwake.

Chifukwa chiyani ndikuikira kumbuyo makina akale?

Choyamba, injini yake ndi yosavuta. Makina ambiri amene mungapeze ku South Africa, monga a Rolux kapena Tandem, amakhala ndi injini ya Briggs & Stratton kapena ya Honda. Ilibe batire, ilibe kompyuta. Imafuna zinthu zinayi basi: petulo woyera, mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza mpweya ija amati compression. Chimodzi chikasowa siilira. Mukachibwezeretsa imalira. Makaniko aliyense wodziwa jenereta angaikonze.

Chachiwiri, masipeya ake amapezeka ku Joni ndipo ndi aang'ono. Pulagi, filita, chingwe, timagasiketi, zonsezi zimalowa m'kachikwama ka m'manja. Yerekezani ndi makina atsopano aja opanda dzina lodziwika. Amawala bwino pa shelefu, koma kanthu kamodzi kakathyoka mudzazungulira Limbe yense osakapeza.

Chachitatu, thupi la makina akale nthawi zambiri ndi lachitsulo. Likang'aluka, mnyamata aliyense wowotcherera ku Ndirande kapena ku Mchesi alilumikiza. Pulasitiki ikasweka yasweka.

Chachinayi, a magetsi kwathu ndi ovuta. Magetsi akazima ntchito yaima, ndipo bwalo la sukulu kapena la tchalitchi simungalimalize ndi waya wa mamita 20. A petulo amapita paliponse.

Onjezani nkhani ya nyengo. Ku Gauteng kuyambira May mpaka August kumazizira, kapinga amauma ndi chisanu, makina amangokhala m'garaja. Ndi nthawi imene eni ake amawagulitsa motchipa kapena kungopereka. Kwathu mvula ikayamba mu November kapena December udzu umakula ngati ukuthamangitsidwa, ndipo masukulu, matchalitchi, malo ogona alendo ndi eni nyumba a ku Area 47 kapena ku Namiwawa onse amafuna makina nthawi imodzi. Gulani m'nyengo yozizira, konzani m'chilimwe, gulitsani mvula yoyamba ikagwa. Wogula mu January kuti agulitse mu April wachedwa.

Kuyeza musanalipire

Izi zimatenga mphindi khumi, ndipo mumangofunika sipanala ya pulagi ndi kabotolo ka petulo watsopano. Wogulitsa akakana kuti muyeze, chokanipo. Safunsa anadya phula.

Musanagwire chilichonse pansi pa makina, zulani waya wa pa pulagi. Izi ndikubwereza: zulani waya wa pa pulagi. Mpeni ukazungulira ndi dzanja injini imatha kulira, ndipo zala sizimeranso.

Yambani ndi oilo. Oilo wakuda si vuto, angofunika kusintha. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi. Mukaona tizitsulo tonyezimira m'oilo, kapena mulibe oilo n'komwe, injiniyo yadyeka m'kati. Isiyeni.

Kenako kokani chingwe pang'onopang'ono. Ngati pa chogwirira pali kachitsulo kaja kofinya ndi dzanja, kafinyeni kaye, chifukwa ndi buleki ya injini. Ambiri amakoka chingwe osafinya n'kumati injini inagwira, pomwe ndi buleki chabe. Injini yamoyo imakana pang'ono pa malo amodzi, kenako n'kumasuka. Chingwe chikangobwera mopepuka osakana paliponse, compression palibe. Nthawi zina ndi valavu yokakamira chifukwa chokhalitsa, koma inu gulani pa mtengo wa masipeya basi.

Tsopano crankshaft, imene inandiluma ine. Chotsani pulagi, pendeketsani makina mbali ya filita ndi kabuleta ikhale m'mwamba, zungulitsani mpeni pang'onopang'ono mukuyang'ana bawuti yapakati. Iyenera kuzungulira pamalo amodzi. Ikamavina uku ndi uku, chitsulocho chinapindika pomwe mpeni unamenya mwala kapena chitsa. Alipo amene amati amawongola ndi hamala. Ine sindigulitsa makina otero, chifukwa chitsulo chowongoledwa chimatha kuthyoka mpeni uli pa liwiro.

Moto: bwezerani waya pa pulagi, gunditsani pulagiyo pa chitsulo cha injini patali ndi bowo lake komanso patali ndi petulo, wina akoke chingwe. Muyenera kuona kamoto kakulumpha. Kakasowa, yesani pulagi yatsopano musanaweruze coil.

Chomaliza ndiye chinsinsi. Thirani petulo watsopano pang'ono kwambiri, osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, m'bowo la pulagi. Bwezerani pulagi, ikani makina pansi pa bwalo, kokani. Injini ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, kondwerani mumtima koma nkhope isaonetse. Injiniyo ndi yamoyo, vuto lili m'kabuleta basi. Amenewo ndiye makina ogula.

Pa injini za Briggs & Stratton pali manambala atatu odindidwa pa chitsulo, olembedwa Model, Type ndi Code. Jambulani ndi foni, chifukwa ogulitsa masipeya amafunsa Model ndi Type. Code imakuuzani tsiku limene injini inapangidwa: manambala awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira ndi mwezi, awiri enawo ndi tsiku. Wogulitsa akamati "ndi a chaka chatha" pomwe Code ikuyamba ndi 04, mwadziwa amene mukuyankhula naye.

Kukonza kwake

Matenda aakulu a makinawa ndi petulo wokhalitsa. Munthu amatchetcha komaliza mu April, n'kusiya petulo m'thanki mpaka September. Petuloyo amauma n'kusiya zomatamata zonunkha ngati vanishi, zimene zimatseka timabowo ta m'kabuleta. Mwini wake amakoka chingwe kakhumi, amatopa, n'kukagula atsopano. Ndalama yathu ili pamenepo.

Khuthulani thanki yonse ndi kuitsuka ndi petulo watsopano. Makabuleta alipo a mitundu iwiri imene mukumane nayo kawirikawiri. Ena amakhala pamwamba pa thanki penipeni, ndipo pakati pa kabuleta ndi thanki pali kampira kopyapyala kotchedwa diaphragm. Kampirako kakauma kapena kupindika, injini imalira mokwera ndi kutsika, kapena kutulutsa utsi wakuda. Gulani katsopano pamodzi ndi gasiketi yake. Musadule chubu cha njinga kuti mupange kanu, petulo amachidya. Ena ali ndi kambale pansi komangidwa ndi bawuti imodzi. Pa injini zambiri za Briggs & Stratton bawuti imeneyo ili ndi timabowo ting'onoting'ono todutsa petulo, ndipo ndi timeneto timatsekeka. Tsegulani ndi kawaya kamodzi kofewa ka kopa kochokera mu waya wa magetsi, kenako popani mankhwala otsukira kabuleta. Musagwiritse singano yaikulu kapena msomali. Bowo likakula, makina adzamwa petulo ngati dalaivala wolandira malipiro, ndipo simudzalibwezanso.

Filita ya mpweya ikakhala ya siponji, ichapeni ndi sopo, iume, idonthezereni oilo pang'ono n'kuifinya. Ikakhala ya pepala, sinthani, ndipo musaithire oilo. Musalize makina opanda filita. Fumbi la kwathu limadya maringi mwezi umodzi.

Oilo wake ndi SAE 30, ndipo injini zing'onozing'onozi zimalowa pafupifupi theka la lita kapena kupitirira pang'ono, osaposa 0.6. Yang'anani pa kamtengo koyezera. Mukadzaza kwambiri zimafuka utsi woyera. Madalaivala anzanga, ndikukuonani: oilo wotsala wokhetsedwa mu thiraki musathire muno. Injini zambiri zotere zilibe filita ya oilo, zinyalala zonse zimangozungulira momwemo. Sinthani oilo pakatha maola 50 a ntchito, kapena kamodzi nyengo iliyonse.

Pulagi ikhale yatsopano. Pa injini zakale zija za mavalavu a m'mbali, mpata wa pa pulagi ndi pafupifupi 0.75 mm.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Pamwamba pa injini pali gudumu lolemera lotchedwa flywheel, ndipo limagwiridwa pa crankshaft ndi kakiyi kakang'ono kofewa. Anakapanga kofewa dala, kuti mpeni ukamenya mwala kaduke ndiko, injini ipulumuke. Kakiyiko kakaduka kapena kupindika, moto umabwera pa nthawi yolakwika. Chizindikiro chake n'choti chingwe chimakutsomphola m'manja pokoka, kapena injini ili ndi moto ndi petulo koma siilira. Kakiyi katsopano ndi kotchipa kwambiri. Musasule kanu ka msomali. Kachitsulo kolimba sikaduka, ndiye tsiku lina chidzaonongeka ndi flywheel kapena crankshaft.

Mpeni umasuleni, unoleni ndi tupa kapena grinder motsata mmene unapendekera kale. Kenako ukolekeni pa msomali wa pa khoma kudzera pa bowo lapakati. Mbali imene ikugwa pansi ndi yolemera, palaniko pang'ono mpaka ukhale mofanana. Mpeni wolemera mbali imodzi umanjenjemeretsa makina mpaka mabawuti kumasuka. Mpeni wong'aluka tayani, osawotcherera. Ndipo pobwezera onetsetsani kuti simunautembenuze, mbali yopindikira m'mwamba iyang'ane ku injini osati pansi.

Kasipuling'i ka pafupi ndi kabuleta kamene kamalamulira liwiro musakakoke kuti makina amveke amphamvu pamaso pa kasitomala. Injinizi zinapangidwa kuzungulira pafupifupi maulendo 3000 pa mphindi. Mukapitirira, mukufupikitsa moyo wake ndipo mwala ukauluka umauluka ngati chipolopolo.

Penti ndi yomaliza. Palani dzimbiri, pakani penti pansi ndi pamwamba. Koma penti isakhale yobisira mng'alu.

Za pa njira

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ulendo wina ndinakweza makina osakhuthula oilo, ndipo anyamata opakira anawagoneka cham'mbali. Tikufika ku Tete oilo anali atadontha pa mabelo a mayi wina. Ndinalipira katundu amene sindinagule, ndipo phindu lonse la ulendo umenewo linathera pamenepo. Mayiwo anali ndi chifukwa chokwiyira.

Choncho khuthulani petulo yense ndi oilo yemwe musanakweze. Siyani thanki yotsegula iume tsiku limodzi. Pindani chogwirira, masulani mpeni muukulunge m'katoni, tsukani matope ndi udzu wa pansi. Makina akhale choimirira pa mateyala ake. Muuzeni dalaivala chimene mwanyamula. Petulo m'thireyila yodzaza ndi zovala ndi matiresi, pa kutentha kwa ku Tete, ndi kusewera ndi miyoyo ya anthu. Mukafika, mangani kapepala pa chogwirira kolembedwa kuti "mulibe oilo", chifukwa kunyumba sikusowa mphwanu wachangu amene angakoke chingwe inu musanadzuke.

Mapepala nawo musawapepuse. Makina a m'garden amabedwa kwambiri ku Joni. Lamulo la ku South Africa la 2009 lokhudza katundu wogwiritsidwa kale ntchito limafuna kuti ogulitsa katundu wotere akhale olembetsedwa ku polisi, choncho gulani pa malo opereka lisiti. Ngati ndi bwana wakupatsani, akulembereni kalata yaifupi yokhala ndi manambala a injini, siginecha ndi foni yake. Munthu wokugulitsani usiku pa kona pa mtengo wa buledi, mukudziwa kale kumene wawatenga. Pa Mwanza kapena pa Dedza onetsani makinawo ndi lisiti yake, lipirani zimene a MRA awerengera, ndipo msonkhowo muuwerengere pa mtengo wogulitsira. Kubisa injini pansi pa mabulangete kumadula kuposa msonkho.

Pogulitsa

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena. Alipo amene amatsitsa makina m'basi lero, mawa ali pa msewu akugulitsa "mmene alili". Amapeza kangachepe, ndipo wogula akakalephera kuliza kunyumba dzina la wogulitsa limaipa mpaka ku tchalitchi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Phindu lenileni lili pakati pa makina osalira ndi makina olira, ndipo mtunda umenewo nthawi zambiri ndi pulagi, kampira, oilo ndi tsiku limodzi la ntchito.

Ine ndimaliza makina pamaso pa kasitomala injini ili yozizira, osati yotenthetsa kale kuseri. Ndimatchetcha nawo pang'ono aone. Ndimamuuza zaka zake ndi zimene ndasintha. Ndimamupatsanso malangizo atatu.

Loyamba ndi la petulo. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, koma m'kathanki kongokhala ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa timipira takale. Agule petulo wokwanira milungu iwiri kapena itatu, ndipo mvula ikatha alize makina mpaka azime okha thanki itauma. Petulo wa m'zigubu wa nthawi ya kusowa kwa mafuta asefe kaye pa kansalu koyera.

Lachiwiri ndi la bwalo. Makinawa anazolowera kapinga wa ku Sandton, kwathu kuli miyala, zitsa ndi zulu. Ayende kaye pa bwalo kutola miyala ndi mawaya, akweze mateyala, ndipo udzu wofika m'mawondo ayambe ndi chitchetcho. Ana akhale patali, wotchetcha avale nsapato zotseka, osati patapata.

Lachitatu, akafuna kuyang'ana pansi azule waya wa pulagi ndipo apendeketse filita ili m'mwamba. Akapendeketsa mbali inayo oilo amalowa mu filita, makina amafuka utsi, ndiye foni yanga imalira usiku.

Kasitomala wotere amabweranso chaka chamawa kudzagula filita, mpeni ndi pulagi, ndipo amabwera ndi mnzake. Masipeya amenewo ndi geni yosalemera imene ndimanyamula ulendo uliwonse.

Tsono kwa achimwene amene munafunsa aja. Yezani makina a bwana wanuwo monga ndafotokozera. Ngati crankshaft ili yowongoka, oilo alimo, ndipo alira masekondi awiri aja, atengeni, ndi kalata yake. Ndipo mwina musawagulitse n'komwe. Inu mwatchetcha kapinga wa anthu ena zaka zonsezi, ntchitoyi mukuidziwa kuposa ife amalonda. Ambiri timabwerera kumudzi ndi TV ndi masipika, zimene sizibweretsa ngakhale tambala. Makina olira bwino, kuyambira December mpaka April, angathe kupezera inu kapena mphwanu maganyu pa masukulu ndi m'mayadi a m'tauni. Ndi mpamba umenewo.

Koma akakhala opindika crankshaft, thokozani bwana, chotsani kabuleta, coil, thanki ndi mateyala, zotsalazo zisiyeni konko. Musalipirire malo chitsulo chakufa monga ndinachitira ine.

Amakaniko amene muli muno, ngati ndaphonya pena ndikonzeni pansipa, tonse tiphunzire. Yendani bwino, tionana pa boda.